Timadontho ta Frackson

Amuna anga, a Frackson Kaonga, anandisiyira mavidiyo a mitengo ya khofi. Akazi ena amasiyiridwa ana, ena nyumba ya malata, koma ine mitengo ya eni ake ya ku Misuku, yojambulidwanso ndi munthu wa dzanja losakhazikika. Anali mlangizi wa alimi a khofi, ndipo m'malo molemba zimene aona ngati alangizi anzawo, iwo ankayatsa foni n'kumayenda m'munda akuyankhula okha ngati ozungulira mutu. Nkhope yawo simuoneka m'vidiyo ngakhale imodzi, poti wogwira foni anali iwowo. Mumangomveka mawu, kupuma kwawo pokwera phiri, ndi kamluzu kamene ankaimba akapeza mtengo wobereka bwino.

Ali moyo ndinkawanyoza nazo. "Abambo, anzanu amajambula akazi awo, inu muli jijirijijiri ndi masamba." Iwo ankangoseka, amvekere ine amandiona tsiku ndi tsiku, koma mtengo wa m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese sangaunyamule kubwera nawo kunyumba.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina m'nyengo ya mvula ananyamuka atandilonjeza nthochi za ku Misuku, ndipo madzulo ake njinga yamoto inawatsetserekera potsika phiri. Foni yaikulu imene ankajambulira inaswekera pomwepo. Nthochizo anthu anazipeza zili chimangire kumbuyo kwa njinga.

Ine ndine Eluby, kwathu ndi ku Thyolo, ndipo ndimagulitsa zitenje mumsika wa pa boma pa Chitipa. Maliro atatha abale anga anandiuza kuti ndibwerere kumudzi, ati ndikudikiranso chiyani kudziko la mphepo kopanda mwamuna, kopanda mwana. Ndinakana. Ku Thyolo a Frackson anangofikako kawiri kapena katatu, palibe mtengo kapena msewu umene umawadziwa. Kuno ngakhale wogulitsa mafuta a njinga amayamba wawatchula asanandipatse moni.

Chinanso chinandigwira ndi laputopu. Inali ya kuntchito kwawo, koma tsiku la ngozi inatsala m'nyumba, ndipo nambala yoitsegulira ndinkaidziwa chifukwa ndinkaonerapo mafilimu. Mavidiyo awo onse ankapita okha ku akaunti yawo ya pa intaneti. Ukatsegula bulawuza, ija yolowera pa intaneti, dzina lawo linkabwera lokha, ndipo pansi pake pankadzilemba mzere wa timadontho takuda. Timadonthoto ndiye inali pasiwedi. Sindinkaidziwa, ndipo sindinkaona chifukwa choidziwira, poti makinawo ankaikumbukira okha.

Masana msika ukazizira, makasitomala atabalalika ndi mphepo ya Chitipa ija yolowa mpaka m'mafupa, ndinkatulutsa laputopu pansi pa benchi, kuilumikiza ku foni yanga, n'kusankha vidiyo imodzi. Anzanga a mabenchi oyandikana ankadziwa, ndipo nthawi imeneyo sankandiyambitsa nkhani. Ndinkamvera amuna anga akulalatira tizilombo toboola khofi, akuseka ndi alimi m'ziyankhulo za kumapiri zimene sindimva, akuwerama n'kubuula msana. Imene ndinkaikonda koposa inali ya m'munda wina wotsetsereka, mvula itangokata. Amayamba bwinobwino kufotokoza za mthunzi wa nthochi, kenaka phazi likuterera, kumwamba kukhala pansi, ndipo amakuwa, "Amama ine!" Pambuyo pake amadziseka okha, kuseka kwenikweni kwa m'mimba, foni ikuloza mitambo.

Musandione ngati wopepera. Nkhope ya munthu imakhala pa chithunzi, ukaifuna umaipeza, koma mawu amathawa. Bambo anga ondibereka anamwalira ndili mtsikana, ndipo lero ndikawaganiza amayankhula ndi mawu anga. Ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzadzuka a Frackson nawonso atasanduka chithunzi cha duu. Ndinkawasowa moti nthawi zina ndinkayankha vidiyo, ndikuwauza kuti ayang'ane poponda.

Miyezi inapita, mvula inatha, khofi anayamba kufiira kumapiri. Tsiku lina pa benchi panga panafika a Bernard, mkulu wa ku ofesi kwa amuna anga, munthu wabwino amene anakhala akunamizira kuiwala za laputopuyo. Anagwiragwira zitenje ngati akufuna kugula, anafunsa mtengo wa chimodzi, kenaka anavula chipewa.

"Mayi Kaonga, ndabwera ndi manyazi," anatero. "Kwabwera mlangizi watsopano, ndiye akuluakulu akufunsa makina aja. Ndazengereza mpaka pothera."

"Mudzawatenga liti?"

"Mawa masana galimoto ikukwera ku Misuku. Ndipo ndikuuzeni zoona, akafika adzafufuta zonse zili m'katimo kuti mnzathuyo ayambe mwatsopano. Ngati muli zanu, muchotseretu."

Ndinawathokoza, poti analakwa chiyani. Koma atatembenuka ndinawatukwanira mumtima, iwo, akuluakulu awo, ndi mlangizi watsopanoyo amene sindinamuonepo n'komwe.

M'mawa mwake ndinapita ndi laputopu kwa Angella. Angella ndi mwana wa konkuno, ali ndi kashopu ka fotokope kuseri kwa msika, ndipo theka la boma lino limalembetsa makalata ndi kutsegulitsa maimelo kwa iyeyo. Ndi mnzanga wapamtima, wapakamwa ngati ine, ndipo pa maliro ndi amene anandigwira nditakomoka.

"Sisi, musalire, apa palibe nkhani," anatero atamva. "Mapasiwedi amasamuka. Tiwatulutsa mu bulawuza iyi, amati ekisipoti. Tiwalowetsa mu akaunti yanu, amati impoti. Kenaka akhala mu foni yanu basi."

"Mawu amenewo ndimawamvera pa boda ya Tanzania," ndinatero. "Kumeneko amabwera ndi msonkho."

"Kuno ndi ulere, sisi, mzigo wake ndi wopepuka."

Anadina apa ndi apo, makina anafunsa nambala yotsegulira laputopu, ndinailemba, ndipo panatuluka kafayilo kamodzi kakang'ono. Angella anandichenjeza kuti m'kafayilomo mapasiwedi sakhala obisika ndi timadontho, amakhala mbulanda, aliyense angawawerenge, n'chifukwa chake tikamaliza tikafufuta. Anachotsamo mizere yonse ya kuntchito, akuti za eni ake tisazigwire. Kenaka anatembenuzira laputopu kwa ine, iye n'kuyang'ana kukhomo.

"Onani nokha ngati mukufuna. Ine sindiona za amuna a anthu."

Ndisaname, ndinasendera pafupi msanga. Miyezi yonse ija ndinkayang'ana timadontho tija ndikuwerengera zilembo za dzina langa, mwina ndi chaka chimene tinakwatirana, mwina dzina lija ankandiitana tili awiri. Ndinayang'ana. Munali zilembo zazikulu ndi zazing'ono zosakanikirana ndi manambala ndi tizizindikiro, zopanda mutu ndi mchira, ngati nkhuku yaponda pa makina.

"Ichi n'chiyani, Angella?"

Anasuzumira ndi diso limodzi n'kuphulika kuseka. "Iyi sanapange ndi alamu. Bulawuza imapeka yokha, munthu amangovomera. Iwonso sankaidziwa."

"Waona ulesi wa amuna? Kulephera kulemba ngakhale dzina la mkazi wako."

Tinaseka tonse, koma ine misozi inatsika ndithu, ndipo sinali ya kuseka yokha.

Angella anatsegula akaunti yanga pa kompyuta ya m'shopu, analowetsamo kafayilo kaja, ndipo posakhalitsa dzina la a Frackson linaoneka mu foni yanga limodzi ndi timadontho take. Anafufuta kafayilo konsekonse kamene kanaponda. Ndinamufunsa ngati sikukanakhala bwino kukoperanso mavidiyowo pa fulashi, kuti ndikhale nawo m'manja.

"Ndi netiweki ya Chitipa? Mavidiyo onsewo? Tikhala pano mpaka mvula," anatero. "Mwatenga kiyi, sisi. Nyumba muinyamuliranji?"

Zinamveka zanzeru. Ndipo tisanayese n'komwe ngati kiyiyo akutsegula, galimoto ya a Bernard inali italiza kale hutala panja, dalaivala akukuwa kuti kumapiri n'kutali. Ndinapukuta laputopu ndi nsonga ya chitenje, ndinaipereka ndi manja awiri, ndipo inapita.

Tsiku limenelo kunabwera katundu watsopano wa ku Tanzania, ndiye ndinatanganidwa mpaka kuweruka. Ndinayesa mawa lake masana, nthawi yanga ija. Ndinadina dzina lawo, timadontho tinadzilemba tokha monga kale, ndipo ndinamwetulira. Koma m'malo mwa mitengo ya khofi panabwera uthenga wa Chingerezi. Ndinasiya benchi osatseka n'kuthamangira kwa Angella.

Anawerenga, nkhope inagwa. "Pasiwedi yalandira. Koma ikuti foni iyi siyikuidziwa. Yatumiza manambala sikisi ku nambala ya foni ya alamu, ikufuna tilembe amenewo." Anagwira pakamwa. "Mayo ine, sisi, phepani. Laputopu ija sinkafunsa chifukwa inkadziwika kale. Ndinaiwala."

Tinaimbira a Bernard pomwepo. Anayankha akupepesa kuti mnyamata wa makina anafufuta zonse m'mawa womwewo. Madzi akatayika saoleka. Sindinamukalipire Angella, ngakhale mawu anali atafika kale pa lilime, chifukwa ankalira kundiposa ine.

Uthengawo unkaonetsa manambala awiri omalizira a foni imene yalandira. Ndinawadziwa ndisanamalize kuwaona. A Frackson anali ndi kafoni kena ka mabatani, kosweka pakona, kamene ankayenda nako kumapiri chifukwa batire lake silinkatha msanga. Pa ngozi kanapulumuka m'thumba la jekete. Ndipo tsopano kanali ku Nthalire, kwa apongozi anga a Nyamtambo.

Za ine ndi a Nyamtambo n'zazifupi. Sanandifunepo. Ankafuna mwana wawo akwatire mkazi wa kwawo, wodziwa kugwada mwa Chitumbuka, wobereka chaka ndi chaka, osati wa kummwera woyankha amuna ake pamaso pa anthu. Tsiku logawa zovala za malemu, achimwene awo anatenga majekete ndi nsapato, alongo awo zofunda, ndipo mayiwo anangotola kafoniko n'kukamanga pa mfundo ya chitenje. Kenaka anauza mayi wina m'Chitumbuka, poganiza kuti sindikumva, kuti mkazi wopanda mwana ndi mlendo, maliro atha azipita kwawo. Ndinamva bwinobwino. Ndinakwera lole ya m'mawa mwake kubwerera ku boma, ndipo kuyambira tsiku limenelo sitinayankhulane.

Ndinapirira masiku angapo. Masana ankafika, msika unkazizira, ndipo manja anga ankapita okha pansi pa benchi n'kupeza zitenje zokhazokha. Ndinayesa kubwereza m'mutu vidiyo ya kuterera ija. Mawu ake ndinkawadziwa onse, koma kuseka kuja kunkakana kubwera, ndipo pamenepo ndinachita mantha enieni.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinaimba nambala ya amuna anga, imene inali idakalembedwa dzina lawo mu foni yanga. Kudina dzina la munthu amene unamuika m'manda si chinthu chopepuka, chala chimakana. Sinalire. Ndinaimbanso m'mawa, masana, tsiku lina ndi linzake, yankho n'kukhala lomwelo la mayi wa pa makina uja, loti nambalayi sikupezeka. Ndiye ndinasiyira mnzanga benchi, ndinasankha chitenje chimodzi chabwino, ndinagula shuga ndi sopo, poti ngakhale kwa mdani supita chimanjamanja.

Angella anandiperekeza kokwerera lole, atandigulira bandulo yaikulu ya intaneti ndi mtima wake wolapa. "Mverani, sisi, zinthu ziwiri. Mukangolowa, musatuluke. Mukadina potulukira, idzafunanso manambala. Chachiwiri, pitani apa," anandionetsa, "muchotse nambala ya alamu, muike yanu. Mukatero mwathana nawo agogo aja mpaka kalekale."

Ndinamuuza kuti zimenezo ndiye ndikupitira.

Msewu wa ku Nthalire suyenera munthu wa chisoni, chifukwa sukupatsa mpata wolira. Lole inkatiponya uku ndi uku pamwamba pa matumba a feteleza ndi mitolo ya malata, fumbi lofiira likulowa mpaka m'mano. Kudzanja lamanja mapiri a Mafinga anatiperekeza nthawi yaitali. Ulendo womaliza kulowera ku Nthalire ndinali m'galimoto limodzi ndi bokosi la maliro, ndipo sindinawaone n'komwe.

Ndinafika dzuwa litapendeka. A Nyamtambo anali pakhonde akutongola chimanga m'lichero. Anali atachepa thupi kuposa momwe ndinawasiyira, moti mkwiyo umene ndinausunga bwinobwino njira yonse unasowa pogwira. Ndinagwada chapatali.

"Monire, Amama."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Monire. Mwiza?"

"Ndabwera, Amama."

Analandira shuga ndi sopo osayang'ana, chitenje anachigwira pang'ono ndi zala ziwiri kuti amve nsalu yake, n'kuchiika pambali. Chichewa amachidziwa, anachiphunzira ali atsikana m'minda ya fodya ku Kasungu, koma amachiyankhula ngati akuchibwereka.

"Ndimayesa munapita kwanu."

"Ndikadali pa boma."

"Sono mukukhumba vichi? Munthu sabwera ku Nthalire kudzangopereka sopo."

Ndinafotokoza. Sindinanene za bulawuza kapena ekisipoti, ndinangoti mwana wawo anasiya mawu ake m'makina, ndipo chitseko chake chikufuna manambala amene akubwera ku kafoni kali ndi iwo. Nditatchula kafoniko dzanja lawo linapita msanga pa mfundo ya chitenje m'chiuno.

"Yayi. Mwatenga mwana, mwakhala naye ku boma zaka zonsezi, ine ndikumuona pa Khirisimasi. Sono mwabwerera na foni?"

"Sindikutenga, Amama. Sindiigwira n'komwe. Mungondiwerengera manambala."

"Mawu ghake, mukuti?"

"Mawu ake. Akuyankhula, akuseka."

Anatongola chimanga china mpaka chitsononkho chinayera. Kenaka anakutumula chitenje, anatenga ndodo, n'kunena kuti m'mudzi muno netiweki mulibe, imapezeka pa kaphiri kuseri kwa tchalitchi. Kumeneko ndi kumene amakwera Lamulungu akaweruka, kukayatsa kafoniko n'kuimbira mwana wawo wamkazi Wezi ku Mzuzu. Masiku ena onse kamakhala kozima, kuti batire lisathe. Apo ndinamvetsa chifukwa chake sinkalira.

Tinakwera, iwo patsogolo. Kanjira kake kanali ka timiyala tosakhazikika, ndipo ankapuma pafupipafupi koma osalola kuti ndiwathandize. Pamwamba panali mwala wosalala chifukwa cha kukhalidwa, ndi mapepala a mayunitsi ali mbwee mu udzu. Tinakhala pamwalapo, pakati pathu patatsala malo a munthu wina.

Anamasula mfundo. Kafoni kaja kanatuluka ndi pakona pake posweka, ndipo katayaka kanaimba kanyimbo kamene ndinkakamva m'bandakucha uliwonse amuna anga akamakonzekera ulendo. Ndinayang'ana kumbali.

Ndinadina dzina la a Frackson pa akaunti ija mu foni yanga, timadontho tinadzilemba, ndipo tinadikira. Kafoni kanalira m'manja mwa apongozi, ndipo anadzidzimuka ngati kawaluma.

"Dinani batani lapakatilo, Amama. Ayi, ilo. Lapakati."

"Lindani, musandithamangitse."

Ndinkaloza ndi chala chili m'malere, osakhudza, monga ndinalonjezera. Anadina lolakwika, uthenga unasowa, tinaufunafuna m'kafoni monse, ndipo titaupeza nthawi yake inali itatha. Makina anakana. Ndinaluma mlomo kuti ndisanene zimene zinali m'kamwa. Ndinangopempha kuti mwina ndiwerenge ndekha, foni ili m'manja mwawo momwemo.

"Mukuyesa ndine mbuli?" anatero. "Mawu sindiwerenga, kweni manambala nkhughamanya. Nyimbo za kutchalitchi ndimazipeza bwanji m'buku? Tumizani ghanyake."

Ndinapempha ena. Ulendo uno anadina lapakati, anatalikitsa kafoni ndi dzanja lonse, anatsinzina diso limodzi, n'kuyamba kutchula limodzilimodzi mokweza, ngati mkulu wa mpingo akulengeza nyimbo.

"Foro. Naini. Ziro. Foro munyake. Seveni." Anaima. "Aka kakukhala ngati kampando."

"Kampando koyang'ana kuti, Amama?"

"Lindani. Thuu. Ni thuu."

Ndinalemba. Kachizindikiro kanazungulira, kanazunguliranso, netiweki inatsika n'kukweranso. Kenaka foni inadzaza ndi timabokosi tobiriwira, mitengo ya khofi ya eni ake ija, yonse ili momwemo. Ndinaika foni pa bondo.

Sindinasankhe ndi nzeru. Chala chinangopita pa imene chinazolowera. Mawu a Frackson anatuluka pa kaphiri ka kwawo, akufotokoza za mthunzi wa nthochi, akupuma mwamphamvu. Apongozi anauma thupi lonse. Anasendera, malo aja a pakati pathu anatha, ndipo anaweramira pa bondo langa akufunafuna nkhope imene munalibe. Kenaka phazi linaterera, kumwamba kunakhala pansi.

"Amama ine!"

"Nili pano, mwana wane!" anayankha a Nyamtambo mokuwa, manja atatambasulira ku foni. "Nili pano."

Mu foni mwana wawo anayamba kuseka, kuseka kuja kwa m'mimba kumene kunandithawa ku boma. Vidiyo imeneyi ndinaionera kosawerengeka ndipo nthawi zonse ndinkaseka nawo. Sindinaganizepo kuti pamene ankagwa ankaitana munthu, ndipo munthuyo alipo, amatongola chimanga ku Nthalire. Mayiwo analira mopanda manyazi, mutu uli pa phewa langa, ndipo ine ndinalira nawo, aliyense akulira wake, koma anali munthu mmodzi yemweyo.

"Werezgani," anatero atapeza mpweya. Ndinabwereza. Anayankhanso, koma chapansipansi.

Tinamvera zambiri. M'vidiyo ina apongozi anandimasulira zimene a Frackson ankaseka ndi alimi, zimene ine sindinazimvepo. Pa kamluzu kaja anagwedeza mutu n'kunena kuti n'ka bambo ake, ankaimba akamasema mipini. Ine ndinawauza za nthochi zija zinapezeka pa njinga, ndipo anati kuyambira ali mwana sankabwera kunyumba chimanjamanja. Dzuwa linatsikira ku Zambia, mphepo inayamba kuluma, ndipo batire la foni yanga linafiira.

Apo ndinakumbukira mawu a Angella. Ndinapita pamene anandionetsa paja. Nambala ya a Frackson inali pamenepo, ndipo pambali pake panali posinthira. Inali ntchito yosatenga nthawi. Ndikanabwerera ku boma ndi amuna anga m'thumba, masana aliwonse akanakhala anga monga kale, osapemphanso munthu.

Apongozi ankayang'ana zala zanga. Kafoni kawo anali atakafumbata pachifuwa ndi manja onse awiri.

"Sono mupita nawo mawu," anatero. Silinali funso kwenikweni. Patapita kanthawi anafunsa lenileni. "Pano yatseguka, yizitseguka yokha? Kwambura foni yane?"

Yankho loona linali eya. Ndinayang'ana mayi amene ananditcha mlendo, amene kwa miyezi yonseyi anasunga kafoni kopanda kanthu m'kati, kongoti kanakhalapo m'thumba la mwana wawo, pamene ine ndinali ndi mawu ake masana aliwonse osaganizako kuti kuli wina akuwasowa. Ndinaganiza za benchi langa, za nthawi ija msika ukazizira, manja akupita pansi n'kupeza zitenje zokha. Zinandiwawa ndisanachite n'komwe.

"Ayi, Amama," ndinatero. "Popanda inu sitseguka."

Ndinachoka posinthira nambala paja osagwirapo. Ndipo poti sindifuna kukhala wabodza kwa apongozi, ndinapeza potulukira n'kudina. Mitengo ya khofi inazimirira. Panatsala dzina la a Frackson ndi mzere wa timadontho tawo.

A Nyamtambo anazimitsa kafoni, anakamanga pa mfundo, n'kukoka mfundoyo ndi mano kuti ilimbe.

"Ndiye muzibwera mvula isanadule msewu," anatero akudzuka ndi ndodo. "Ndipo shuga uja ngochepa."

"Ndamva, Amama."

Tinayamba kutsika, ine patsogolo. Tisanafike pa timiyala tija ndinamva dzanja louma likundigwira mkono mwamphamvu.

"Mkamwana, yendani bwino," anatero. "Apa pamaterera."